Ndilembe chiyani pa mbiri ya agogo anga?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Johannesburg. Agogo awo aamuna anatisiya chaka chatha kwawo ku Chiradzulu ali ndi zaka zopitirira 90, ndipo abale akukonza mwambo wa chiliza. Mayiwa ndi amene apatsidwa ntchito yolemba mbiri yoti ikawerengedwe pa tsikulo. Alemba kuti: "Ine ndinawadziwa atakalamba kale. Ankakonda banja lawo, anali m'komiti ya sukulu, ankayendera odwala, ankatumikira kumpingo. Koma ndikati ndilembe, ikungotuluka mizere isanu. Ngakhale chaka chimene anabadwa sitikugwirizana. Ndiyambire pati?"

Pepani ndi zovutazi, achemwali. Mizere isanuyo isakufooketseni. Tonsefe tikamalemba za munthu amene timamukonda timathamangira kunena kuti anali wabwino, wachifundo, woopa Mulungu, wosakonda mikangano. Ndi zoona ndithu, koma mawu amenewa amanenedwa pa maliro a aliyense, ndipo anthu akamabalalika sakumbuka ngakhale limodzi. Chimene chimakhazikika m'mitima ndi ntchito imene munthuyo anagwira ndi manja ake, kwa munthu amene akhoza kuimirira n'kunena kuti "anandichitira ineyo." Choncho cholembera chiyambe chadikira. Yambani mwafunsa anthu.

Za chaka chobadwa zisakuyambanitseni pabanja. Anthu ambiri a m'badwo umenewo analibe chikalata cha kubadwa, ndipo ena chaka chimene chili pa chiphaso cha unzika cha mu 2017 anachita kungoyerekeza. Kachezeni ndi achemwali awo kapena anzawo amene akadali moyo, muwafunse kuti pa njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri madera a Blantyre ndi Chiradzulu, agogo anali msinkhu wanji. Ngati anali mnyamata wotha kuyenda mtunda kukasuma chakudya, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 1930. Funsaninso ngati anali atakwatira kale pamene boma la atsamunda linamanga atsogoleri a chipani cha Nyasaland African Congress mu March 1959, komanso kuti pa ufulu wa pa 6 July 1964 anali ndi ana angati. Kumpingo nakonso musakuiwale. Mishoni zakale ngati Nguludi ndi PIM (Providence Industrial Mission) zakhala m'boma limenelo kwa zaka zoposa 100, ndipo m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati mumapezeka zimene pakhomo zinaiwalika. Zikakanika, lembani kuti "anabadwa cha m'ma 1934." Palibe amene angakudzudzuleni.

Ngati agogo anasiya sutikesi kapena bokosi pansi pa bedi, pemphani wina alitsegule n'kukujambulirani zamkatimo pa WhatsApp. M'mabokosi otere mumatuluka ziphaso za msonkho, makadi a chipani, kalata zopindika zochokera ku Salisbury (Harare ya lero), nthawi zina mapepala a Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito ya ku migodi. Abambo ambiri akumwera anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, dziko limene inu mukukhala lero, kufikira pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Ngati agogo anali m'gulu limenelo, funsani kuti anabwera ndi chiyani. Kaya ndi njinga, makina osokera kapena malata, chinthu chimenecho chilowe m'mbiri, chifukwa mwina ndi chimene chinaphunzitsa amayi anu.

Pamene ndikufuna mukhalitsepo ndi pa ntchito zongodzipereka zija. Mwalemba kuti anali m'komiti ya sukulu. Liti? Ngati ndi 1994, chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, dziwani kuti ana olembetsa anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha pa 3 miliyoni, ndipo ambiri ankaphunzirira pansi pa mitengo. Wa m'komiti nthawi imeneyo ankadzuka m'bandakucha kukamema anthu kuti aponde dothi, aumbe njerwa, atute mchenga kudambo. Ankakangana ndi makolo amene ankakana kutumiza ana aakazi kusukulu. Ngati pali mdadada umene njerwa zake anaotcha nawo, utchuleni, ndipo ana amene akuphunziramo lero amve.

Mwati ankayendera odwala. Kumeneko ndiye kuli mbiri yeniyeni ya munthuyu. M'zaka za m'ma 1990 Edzi inkatenga anthu motsatizana, mankhwala kunalibe, ndipo ena ankaopa ngakhale kugwira mbale ya wodwala. Ku Chiradzulu komweko ndi kumene bungwe la madokotala la MSF linayamba kupereka ma ARV mu 2001, boma lisanayambe kuwagawa mwaulere m'dziko lonse mu 2004. Izi zisanafike, amene ankalowa m'nyumba zija anali anthu wamba ongodzipereka, onyamula beseni, sopo ndi kaufa ka phala. Ankasambitsa munthu woti sangathe kudzuka, kumutembenuza kuti asachite zilonda, kumukweza pa njinga kupita naye kuchipatala dzuwa likuswa mtengo. Malipiro panalibe. Ine ndimaona kuti dziko lino silinawathokoze mokwanira anthu amenewa, ndipo mwambo wa chiliza ndi mpata woti mudzi uwathokoze. Funsani anyakwawa, akulu a mpingo ndi alangizi a zaumoyo akale kuti akulozereni mabanja amene agogo ankawayendera. Koma samalani apa: wodwala musamutchule dzina kapena matenda ake pagulu, pokhapokha eniake atavomera.

Agogo aakazi asasowe m'mbiriyi. Bambo akamachoka m'mawa kukakumba manda ndi adzukulu kapena kukakonza mjigo, pali wina amene ankatsala akupalira yekha, n'kudzaphikiranso alendo amene bamboyo wabwera nawo osanena. Ngati m'nyumbamo munakulira ana amasiye, amene ankagawa ndiwo kuti zikwanire onse ndi mayiwo. Lembani chaka chimene anakwatirana, ndipo poti kwanuko ambiri ndi a chikamwini, tchulani midzi yonse iwiri: kumene agogo anabadwira ndi kumene anakamanga banja, pamodzi ndi mafumu ake. Mukaiwala kuchimuna, abale awo adzanyamuka ndi chakukhosi.

Chiwerengero cha ana, zidzukulu ndi zidzukulutudzi muchitsimikize ndi mwini mbumba. Ngati pali mwana amene anabadwa kwa mayi wina, kambiranani pabanja tsikulo lisanafike, ndipo ine ndinganene kuti awerengedwe. Naye anataya bambo, ndipo kumudumpha pamaso pa anthu ndi bala losapola msanga. Ana amene anatsogola kale atchulidwenso mayina.

Musaope kuikamo kakhalidwe kawo kenikeni. Ngati ankakalipa mwana akachedwa kutchalitchi, ngati wailesi yawo sankalola wina kuigwira, nenani. Anthu adzaseka misozi ili m'maso chifukwa adzawazindikira agogo awo.

Zonsezi mukasonkhanitsa zidzachuluka, ndiye mulembe mbiri ziwiri. Yowerenga pamwambo isapitirire masamba awiri, poti anthu adzakhala padzuwa ndipo olankhula ndi ambiri: a banja, amfumu, a mpingo. Muiwerenge mokweza kaye muli nokha kuti mumve pamene mpweya ukuthera. Yaitaliyo, ya zonse zimene mwamva pamodzi ndi zithunzi za mapepala aja, musindikize makope angapo mugawire nyumba iliyonse ya ana awo. Okalamba amene mukawafunse muwajambule mawu pa foni atakulolani, ndipo muyambe ndi wamkulu kuposa onse sabata ino.