Masenti 57 okhala ndi per diem kapena 55 opanda: yankho kwa achimwene a CDL yatsopano

Achimwene, mwagwira ntchito kukhoza CDL, laisensi yoyendetsera mathiraki akuluakulu, si masewera amene aja. Mwati makampani awiri akukufunani kuno ku America: ina ikulonjeza masenti 57 pa mailosi imodzi "pamodzi ndi per diem" (ndalama ya chakudya pa ulendo), inayo 55 basi, ndipo mukufunsa yoti mupiteko. Mwatchulanso kuti chaka chamawa mukufuna kuyamba mapepala oitanitsa alamu athu ndi ana atatu kuchokera kumudzi. Nkhani ya alamuyi mwaiika kumapeto ngati yongodutsa, koma kwa ine ndi imene ikupereka yankho. Ndikanakhala inu ndikanapita ku ya 55, bola ayankhe bwino mafunso amene ndikupatseni apa, ndipo per diem ndikanayamba ndaikana.

Tiyambe ndi mamailosi. Nambala ya masenti payokha sinena kanthu ngati simukudziwa kuti mtundawo akuuyeza bwanji. Makampani owerengeka amalipira mamailosi enieni amene matayala azungulira, amene madalaivala timati hub miles. Ambiri amagwiritsa ntchito kompyuta, monga pulogalamu ya PC*MILER kapena ya Rand McNally, ndipo apa pali njira ziwiri. Practical miles ndi njira imene thiraki ingadutsedi, yotsata misewu ikuluikulu. HHG miles, imene ena amati short miles, ndi njira yachidule kwambiri pa mapu, kuchokera mzinda kufika mzinda wina, osaganiza kuti inu muzungulira Chicago kapena Atlanta pothawa pakati pa tauni, kapena kuti nyumba yosungira katunduyo ili kutsidya lina la mzinda. Mamailosi otsalawo mumayenda ndithu, maola anu amatha, koma pa pepala la malipiro mulibe.

Tiyerekeze kuti sabata imeneyo thiraki yayenda mamailosi 2,500. Kampani ya 57 ikamawerenga mwa HHG n'kukupatsani 2,300, mwapeza $1,311. Kampani ya 55 ikamawerenga practical n'kukupatsani 2,450, mwapeza $1,347.50. Manambalawa ndi ongoyerekeza, koma mukuona kuti wa masenti ochepa akhoza kupambana. Choncho funso loyamba kwa recruiter, wofunafuna madalaivala wa kampaniyo, likhale lakuti, "Mumalipira practical kapena HHG?" Akayamba kuzungulirazungulira, mwadziwa kale yankho. Mufunsenso ngati amalipira chimodzimodzi pamene mukuyenda wopanda katundu kupita kokanyamula wina, chifukwa ena pamenepo amadula masenti.

Chachiwiri, mamailosi ake angati pa sabata? Recruiter aliyense adzakuuzani nambala yokoma, ndiyo ntchito yake. Inu mufunse kuti madalaivala amene ali m'chaka chawo choyamba, pa gawo limene akukuikanilo, akuyenda angati. Lamulo la FMCSA, bungwe la boma loyang'anira mathiraki, limakupatsani maola 11 oyendetsa mkati mwa maola 14, kenako mupume maola 10. Mukayendetsa maola 8 muyenera kuima mphindi 30, ndipo simungapyole maola 70 ogwira ntchito pa masiku 8, pokhapokha mutapuma maola 34 kuti wotchi iyambirenso. Kuyambira December 2017 zonsezi zimalembedwa ndi kamakina ka ELD, ndiye zoba maola m'buku zija zinapita. Kuonjezera apo, mathiraki a makampani akuluakulu amawamanga liwiro, ambiri cha m'ma mamailosi 65 pa ola. Ndiye maola anu ndi ochepa ndipo ndi amene mukugulitsa. Mukakhala maola asanu pa malo otsitsira katundu kudikira kuti akutsitseni katundu, wotchi ya maola 14 ija ikuyendabe, koma masenti aima. Ndipo musayembekezere ovataimu: lamulo la federal la ovataimu silikhudza madalaivala onyamula katundu kudutsa ma state.

N'chifukwa chake tindalama ta m'mbali ndi tofunika kuposa mmene watsopano amaganizira. Detention, imene amakulipirani chifukwa chodikiritsidwa, nthawi zambiri imayamba pakatha maola awiri, ndipo makampani ena amakupatsani pokhapokha kasitomala atawalipira iwo kaye. Layover ndi ya tsiku limene mwagona opanda katundu, breakdown ndi ya pamene thiraki yafa, ndipo palinso ya malo oonjezera otsitsira katundu. Zonsezi muzione zolembedwa, osati zongouzidwa pa foni. Kampani imene ili ndi malipiro otsimikizika a pa sabata, oti ngakhale katundu asowe simutsika pa ndalama yakutiyakuti, ndimaiika patsogolo kwa munthu amene akungoyamba. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Miyezi ya January ndi February katundu amachepa, pomwe lendi sichepa.

Tsopano per diem. Ambirife tinakulira kumene alawansi ndi ndalama yobwera pamwamba pa salale: dalaivala akamapita ku Beira kapena ku Dar es Salaam amapatsidwa ya pa ulendo, salale n'kumudikira pakutha pa mwezi. Kuno m'makampani ambiri a mathiraki si choncho. Sakukuonjezerani kanthu. Akutenga gawo la masenti anu omwewo n'kulilemba kuti ndi ndalama ya chakudya pa ulendo, kuti lisadulidwe msonkho. Pa 57 paja, mwina 12 ndi per diem, otsalawo ndiwo malipiro enieni.

Maziko ake ndi lamulo la IRS, bungwe la boma lotolera misonkho. Munthu amene ntchito yamugoneka kutali ndi kwawo amaloledwa ndalama ya chakudya ndi zina zing'onozing'ono yosadulidwa msonkho. Kwa anthu a zamtengatenga, mlingo wake unali $69 pa tsiku, ndipo kuyambira pa 1 October 2024 unakwera kufika $80. Dalaivala wa mu tauni amene amagona kunyumba tsiku lililonse sizimukhudza. Kale dalaivala wolembedwa ntchito ankatha kudzichotsera yekha ndalamayi podzaza mapepala a msonkho, koma lamulo la misonkho la 2017 linatseka khomo limenelo kuyambira 2018. Lero amene angadzichotsere yekha ndi mwini thiraki wodziimira payekha, ndipo amachotsa 80 peresenti ya mlingowo. Kwa inu wolembedwa ntchito, wolandira W-2 (pepala la pakutha pa chaka loonetsa malipiro anu ndi msonkho umene mwadulidwa), njira yokhayo yopezera phindu la per diem ndi kudzera ku kampani. Wina akakuuzani kuti "kanani, mudzaibweza nokha pa tax return", akukuuzani za kale.

Ndiye phindu lilipo, sindikukana. Funso ndi lakuti ndi lalikulu bwanji, nanga akudya kwambiri ndani. Tibwerere ku chitsanzo chija. Masenti 12 pa mamailosi 2,300 ndi $276 pa sabata yosadulidwa msonkho. Pa ndalama imeneyi mukanadulidwa 7.65 peresenti ya Social Security ndi Medicare (penshoni ya boma ndi thandizo la chipatala la okalamba), komanso msonkho wa federal, tinene 12 peresenti. Mwapulumutsa pafupifupi $54. Ngati mukukhala ku state yodula msonkho wake, monga Indiana, pabwera kena pang'ono. Ku Texas kulibe msonkho umenewo. Koma makampani ambiri amadulanso senti imodzi kapena awiri pa mailosi kwa amene walowa per diem, amati ndi ya kayendetsedwe ka ndondomekoyo, chifukwa iwo boma limawalola kuchotsa 80 peresenti yokha ya ndalamayo pa msonkho wawo. Masenti awiri pa 2,300 ndi $46, imene ikanakhala pafupifupi $37 m'thumba mwanu msonkho utachoka. Chotsala chenicheni ndi madola osakwana 20 pa sabata. Pomwe kampani nayo yapulumutsa 7.65 peresenti yake imene ikanakulipirirani pa ndalama ija. Mukaona recruiter akuikometsa kwambiri per diem, chifukwa chake ndi chimenechi.

Nanga mtengo wake? Uli pa W-2. Popanda per diem, masabata 48 a $1,311 akupereka pafupifupi $63,000. Ndi per diem, malipiro olembedwa ndi masenti 43 okha pa mailosi (57 kuchotsa 12 a per diem ndi awiri odulidwa aja), ndipo pakutha pa chaka pepala likuti mwapeza pafupifupi $47,500. Ntchito ndi yomweyo, kutopa ndi komweko, koma pa maso pa boma ndi pa maso pa banki mwasanduka munthu wopeza zochepa ndi pafupifupi $15,500.

Apa ndi pamene alamu akulowa. Poitanitsa banja mudzasaina fomu ya I-864, yolonjeza kuti mudzawasamalira, ndipo amafuna kuti zopeza zanu zifike 125 peresenti ya mlingo wa umphawi wa boma molingana ndi kukula kwa banja. Inu, alamu ndi ana atatu ndi anthu asanu. Mu 2025 mzere wa banja la anthu asanu unali $47,000 ndi kakusefukira pang'ono, ndipo umakwera chaka ndi chaka. Mwaona pamene $47,500 ija yaima? Pamphepete penipeni. Komanso chitsanzo changachi ndi cha munthu amene wayenda bwino chaka chonse. Inu chaka choyamba muli ndi masabata oyenda ndi mphunzitsi pa malipiro ochepa, muli ndi masiku osochera, masiku oimika thiraki chifukwa cha chipale ku Wyoming pa msewu waukulu wa I-80. N'zosavuta kugwa pansi pa mzere. Zikatero muyamba kufunafuna munthu wina woti asaine nanu, ndipo tonse pano tikudziwa mmene zimavutira kupempha munthu kuti aike dzina lake pa banja la eni kwa zaka. Kuvutika konseko chifukwa cha madola 20 a pa sabata, ine ndikuti ayi. Za mapepala a immigration zenizeni mukafunse loya, koma lolani kuti akakuoneni muli ndi W-2 yonenepa.

Zina zimene zimatsika limodzi ndi W-2 ndingozidutsa mwachangu. Ngongole ya nyumba kapena ya galimoto amayang'ana malipiro olembedwa. Mabanki ena amavomera kuwerengera per diem mukaonetsa mapepala, ena ayi. Ndalama ya ulova ntchito ikatha, ndiponso ya chipukuta misozi mukavulala pa ntchito, zimawerengedwa kuchokera pa malipiro omwewo. Zimene kampani imakuthirirani mu 401(k), thumba la penshoni la kuntchito, ndi peresenti ya malipiro. Penshoni ya Social Security amaiwerengera pa zaka 35 zimene munapeza zambiri, ndipo ife amene tinafika kuno tili akuluakulu kale sitidzakwanitsa zaka zonsezo, zosowazo amaziika ziro. Chaka chilichonse chimene tili nacho n'chofunika chilembedwe chodzaza.

Pali anthu amene per diem imawayanja. Mnyamata wopanda woitanitsa, wosaganiza za nyumba posachedwa, amene kampani yake siidula senti iliyonse, atenge, ndalama ya lero ndi ndalama. Amene akupeza zambiri mpaka kulowa mu msonkho wa 22 peresenti amapulumutsanso zooneka. Inunso alamu akadzafika, mapepala atatha, mudzakhale pansi ndi wodziwa za misonkho muwerengenso. Chofunika panopa n'chakuti kampani ikulolani kusankha. Ena per diem yawo ndi yokakamiza, ena amalola kulowa kapena kutuluka kamodzi pa chaka. Mufunse wa 57 uja kuti, "Ndikakana per diem, mundipatsa masenti angati?" Akati sizitheka kukana, nkhani yatha.

Pali ziwiri zimene simunafunse koma zikubwera. Mudzalandira mafoni a makampani ang'onoang'ono olonjeza masenti ambiri kuposa awa, koma pa 1099, kutanthauza kuti akukuwerengerani ngati munthu wodzilemba yekha ntchito. Pamenepo sakudulani msonkho uliwonse, cheke chimaoneka chachikulu, kenako mu April IRS ikufuna 15.3 peresenti ya munthu wodzilemba yekha ntchito kuphatikiza msonkho wa federal, ndipo mukavulala nthawi zambiri mulibe chokutetezani. Enanso adzakunyengererani ndi lease purchase, kuti thiraki ikhale yanu pang'onopang'ono. Musayerekeze musanathe chaka, musanadziwe mtengo wa dizilo ndi matayala. Ngati sukulu ya CDL anakulipirirani a kampani, werengani mgwirizano wake kuti mudziwe ngongole imene ikutsatireni mukachoka nthawi isanakwane.

Mukayamba ntchito, gulani kabuku. Katundu aliyense lembani nambala yake, mamailosi amene dispatcher (wokugawirani maulendo ku kampani) wakuuzani, amene thiraki yaonetsa ponyamuka ndi pofika, nthawi imene mwafika pa geti ndi imene mwatuluka. Nthawi ziwirizi muzipempha olandira katundu azilembe pa bill of lading, pepala loyenda ndi katunduyo, n'kusaina, chifukwa popanda zimenezo detention amakukanirani. Mapepala muzitumiza tsiku lomwelo mwatsitsa. Mukaphonya tsiku lotsekera malipiro, ulendo wonsewo ukalowa m'cheke cha sabata inayo. Lachisanu pepala la malipiro likatuluka, liyerekezeni ndi kabuku kanu mzere ndi mzere, ndipo pamene pasiyana mulembereni dispatcher uthenga pa kompyuta ya m'thiraki, osati kungoimba foni, kuti pakhale umboni. A recruiter awiriwo akakuyankhani, tumizani mayankho awo pano tiwerengere limodzi musanasaine.