Mukafuna kope ya Winterhalter, sankhani chithunzi cha munthu mmodzi

Achemwali, mwafunsa ngati kuli kwanzeru kuitanitsa kope yojambula ndi manja ya chithunzi cha mfumukazi Eugénie ya ku France ali ndi azimayi a kunyumba yachifumu, komanso ngati kukopa kotere si kuba. Si kuba ayi. Franz Xaver Winterhalter, amene anajambula chithunzichi, anamwalira mu 1873 ku Frankfurt, choncho lamulo loteteza umwini wa ntchito zake linasiya kugwira kalekale. Ndipotu kukopako kunayambira pamalo pake pomwe ankajambulira. Mafumu ankafuna makope angapo a chithunzi chimodzi oti apatse abale awo, ndipo mng'ono wake Hermann ndi othandiza ena ndiwo ankagwira ntchitoyo. Chinyengo chimabwera wina akagulitsa kope n'kumanama kuti ndi chenicheni.

Koma chithunzi mwasankhachi ine sindikulimbikitsani. Chenichenicho chinajambulidwa mu 1855, chili ku Compiègne ku France, ndipo ndi chachikulu zedi: mamita 3 msinkhu, m'lifupi kupitirira mamita 4. Muli azimayi 9. Mukachichepetsa kufika pa masentimita 60 ndi 90, kuti chikwane pabalaza, nkhope iliyonse imatsala ngati dzira la nkhuku. Wojambula amene akulipidwa pa chithunzi chilichonse chomwe wamaliza sangataye masiku pa tinkhope totere. Azimayi onse adzangotuluka ofanana, pamene aliyense anali munthu wodziwika ndi dzina lake.

Winterhalter anabadwa mu 1805 ku Menzenschwand, kamudzi ka m'dera la Black Forest ku Germany, koma anafika pojambula mfumu Louis-Philippe, mfumukazi Victoria, Napoléon III ndi mfumukazi Elisabeth ya ku Austria. Akatswiri a zaluso a nthawi yake ankamunyoza kuti amangokometsa anthu olemera. Zoona zilipo ndithu pamenepo, palibe amene anachoka kwa iye akuoneka wonyansa. Koma taonani nsalu zake. Silika wake amanyezimira, ndipo pa chithunzi cha Elisabeth cha mu 1865, chija ali ndi nyenyezi za dayamondi m'tsitsi, nsalu yopyapyala ya diresi imaonetsa ina yomwe ili pansi pake. Apa m'pamene makope otchipa amagwera. Wokopa amangopaka penti yoyera yolimba, diresi n'kuuma gwa, mapewa n'kukhala mtundu umodzi wapinki wopanda mithunzi. Zimenezi zikasowa, za Winterhalter palibenso.

Ndikanakhala ine ndikanasankha chithunzi chake cha Madame Rimsky-Korsakov cha mu 1864, chomwe chili ku nyumba yoonetsera zaluso ya Musée d'Orsay ku Paris. Ndi mayi mmodzi, tsitsi lalitali likutsikira paphewa, ndipo msinkhu wa chithunzicho wangopitirira mita imodzi pang'ono. Kope yake itha kukhala yofanana kukula ndi chenicheni, wojambula n'kukhala ndi mpata wosamalira maso ndi manja.

Za ogulitsa. Ambiri mwa omwe amatsatsa pa intaneti amaitanitsa ku China, kumalo ngati Dafen mumzinda wa Shenzhen. Kuli ojambula aluso kumeneko, kulinso ena amene amayamba asindikiza chithunzi pansalu ndi makina kenako n'kupakapaka penti pamwamba. Musanalipire zonse, apempheni zithunzi za ntchitoyo ili mkati, kuyambira pa mizere yoyamba. Ikatha atumize china chojambulidwa pafupi kwambiri ndi nkhope ndi manja, kuwala kukuchokera m'mbali, kuti muone modutsa burashi. Penti ya mafuta imachedwa kuuma, ndiye wokulonjezani kutumiza m'masiku atatu mumukayikire. Mufunsenso ngati angakonze zomwe simunakhutire nazo asanatumize.

Kawirikawiri nsaluyo imafika yokulungidwa mu chubu, yopanda felemu. Kuikoka pa matabwa ndi kuiika mu felemu n'kwanu, ndipo ndalama yake muiwerengere limodzi ndi yotumizira komanso msonkho wa pa kasitomu musanavomere mtengo.