Kodi nkhondo ya ku America inatembenukira pa Gettysburg?

Aphunzitsi ena a mbiri yakale kusekondale anditumizira imelo. Akuti ana asukulu akawafunsa kuti nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ya pakati pa zigawo zakumpoto ndi zakummwera zimene zinapandukira boma, inasinthira pati, iwo amayankha kuti pa Gettysburg. Akufuna kumva ngati ndikuvomerezana nawo.

Aphunzitsi, nkhondo ya pa tauni ya Gettysburg, imene akumpoto anapambana, inali yoopsa ndithu. M'masiku atatu, kuyambira pa 1 mpaka pa 3 July 1863, asilikali pafupifupi 50,000 anafa, kuvulala kapena kusowa. Koma Robert E. Lee, mkulu wa asilikali akummwera, anatha kubwerera ndi gulu lake, n'kuwoloka mtsinje wa Potomac, ndipo anamenyabe nkhondo pafupifupi zaka zina ziwiri. Ine ndikanakhala inu, ana ndikanayamba kuwauza za nkhondo ya pa Antietam.

Mu September 1862 Lee analowa m'chigawo cha Maryland. Asilikali akumpoto anatola pepala la malamulo ake litakulunga ndudu zitatu, ndipo linkasonyeza kuti wagawa gulu lake m'magulu angapo. George McClellan, mkulu wa asilikali akumpoto, anali ndi mwayi woliphwanya gululo lisanakumanenso, koma anazengereza. Atakumana pa 17 September m'mbali mwa kamtsinje ka Antietam, tsiku limodzi lokhalo anthu pafupifupi 23,000 anafa, kuvulala kapena kusowa. Panali munda wa chimanga umene ankalandana m'mawa wonse, moti zipolopolo zinagwetsa mapesi ngati asengedwa ndi chikwanje, mitembo ili ngundangunda m'mizere. Palibe amene anapambana kwenikweni, kungoti Lee anabwerera ku Virginia.

Kubwererako n'kumene pulezidenti Abraham Lincoln ankadikira. Chikalata chomasula akapolo anali atachilemba kale mu July, koma nduna yake William Seward inamulangiza kuti asachilengeze akumpoto akungogonja, kuopa kuti chingaoneke ngati kulira kwa munthu wothedwa nzeru. Pa 22 September anachilengeza, ndipo chinayamba kugwira ntchito pa 1 January 1863. N'zoona kuti chinkakhudza zigawo zopanduka zokha, osati Maryland kapena Kentucky, zigawo zokhala ndi akapolo zimene sizinapanduke. Komabe kuchokera pamenepo nkhondo inaleka kukhala yongobweza zigawo zimene zinachoka, inasanduka yothetsa ukapolo wa anthu pafupifupi 4 miliyoni. Anthu akuda pafupifupi 180,000 anadzavala yunifomu ya akumpoto, ambiri a iwo atathawa m'minda ya mabwana awo. Izi n'zimene zimandikhudza kwambiri pa nkhondo yonseyi.

Chikalatachi chinamanganso manja a Britain. Mafakitale a nsalu a ku Lancashire ankadalira thonje lakummwera, ndipo boma la ku London linali litayamba kuganiza zolowererapo ngati mkhalapakati, zimene zikanakomera akummwera. Ukapolo utaikidwa poyera, kuwathandiza kunavuta. Apa ana anu akhoza kumva msanga mukawakumbutsa kuti zaka zomwezo David Livingstone ankayenda m'chigwa cha Shire akunena kuti thonje la kuno lingalowe m'malo mwa thonje lolimidwa ndi akapolo ku America.

Mu 1863 momwemo, ine ndimaona Vicksburg, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi, kukhala yolemera kuposa Gettysburg. Ulysses Grant, mkulu wina wa asilikali akumpoto, anazinga mzindawo masiku 47. Anthu anakumba mapanga m'zitunda kuthawa mizinga, njala itakula anafika podya nyulu, ndipo pa 4 July John Pemberton wa akummwera anagonja ndi asilikali pafupifupi 29,000. Port Hudson, linga lina la akummwera pamtsinje womwewo, itagwanso patapita masiku asanu, mtsinje wonse wa Mississippi unakhala m'manja mwa akumpoto, Texas ndi Arkansas n'kudukizidwa kwa anzawo.

Ngakhale zinali choncho, akummwera anali adakali ndi chiyembekezo chimodzi: kuti akumpoto atope. Pofika August 1864 maliro anali atachuluka kwambiri moti Lincoln mwiniwake ankayembekezera kuluza chisankho. Wopikisana naye anali McClellan yemwe uja, ndipo chipani chake chinkafuna kuti mfuti ziyambe zatsitsidwa, akambirane. Koma pa 2 September asilikali akumpoto a William Sherman analowa mu Atlanta, mzinda umene njanji zakummwera zinkakumanirapo, ndipo mitima ya ovota inatembenuka. Lincoln anapambana mu November, ndipo pa 9 April 1865 Lee anadzipereka kwa Grant ku Appomattox.