Chifukwa chake 404 yanu ya Rails sikuoneka m'mayeso

Wina wandilembera imelo kuti ali ndi app ya Rails (framework ya Ruby yopangira mawebusayiti), wakonza bwinobwino tsamba lake la 404 (limene limaoneka chinthu chikapanda kupezeka), koma akayesa controller, RecordNotFound, error ya pamene record sinapezeke mu database, ikungophulika m'mayeso m'malo mobweretsa tsambalo. Ndiye akufunsa ngati angoyendetsa mayeso onse ndi RAILS_ENV=production.

Akulu, musayerekeze, mungagwetse database yeniyeni ya anthu.

Nkhani ndi yoti amene amasandutsa error kukhala 404 kapena 500 (error ya mu server) si controller yanu ayi, pokhapokha mutaika rescue_from yogwira ma error mu controller momwemo. Ntchitoyo imagwiridwa ndi middleware yotchedwa ShowExceptions, code imene request imadutsamo kunja kwa controller, ndipo controller test yachikale ija imalowera pawindo, middleware siyidutsa n'komwe. Ndiye lembani request spec kapena integration test kuti request ilowere pakhomo ngati ya munthu weniweni.

Kenako tsegulani config/environments/test.rb. Muli show_exceptions, imene kale inkakhala false, kutanthauza kuti error iliyonse ingophulika. Kuyambira Rails 7.1 ya 2023 imalandira :all, :rescuable kapena :none, ndipo app yatsopano imabwera ndi :rescuable, moti 404 mudzaiona koma 500 iphulikabe mpaka mutaika :all. Mulinso consider_all_requests_local yomwe ili true, iyeyo ndi amene amakupatsani tsamba lofiira la madeveloper lija m'malo mwa public/404.html.

Pamene ambiri timakodwa ndi apa: kusintha config mkati mwa test sikuthandiza, chifukwa Rails imawerenga kamodzi n'kusunga mu Rails.application.env_config. Sinthani momwemo, action_dispatch.show_exceptions ikhale :all, action_dispatch.show_detailed_exceptions ikhale false, test ikatha mubwezeretse mmene zinaliri. Ine ndinaiwalapo kubwezeretsa, mayeso otsatira anayamba kumeza ma error mwakachetechete ndipo ndinatha tsiku lathunthu ndikusaka bug imene ikanaoneka m'mawa womwewo, zinandiwawa kwambiri.

Ngati mumagwiritsa exceptions_app, config yosankha code imene ipange masamba a error, kuti tsamba la 500 lidutse mu controller yanu, liyeseninso database itazima, chifukwa layout ikamafunsa current_user (munthu amene walowa mu app) pamene database yagwa, tsamba la error nalonso limagwa, kasitomala n'kungoona mawu ouma akuti 500 Internal Server Error. Ndipo musangoyang'ana status yokha, onaninso body, makamaka pa JSON, kuti stack trace, mndandanda wa mizere ya code imene error yadutsamo, sinatuluke panja.