Maola a pa tikiti ya ndege asakupusitseni

Abale anga amene mwangofika kumene kunja kuno, posachedwa mudzafuna kukwera ndege kupita mzinda wina, kaya kukaona mnzanu kaya kukayesedwa ntchito. Musanagule tikiti, iwerengeni bwino.

Nthawi yonyamukira imene yalembedwa pa tikiti ndi ya kumene mukuchokera, yoterayo ndi ya kumene mukupita. Tengani ulendo wochoka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London kukatera pa bwalo la JFK ku New York, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,500. Tikiti ikhoza kunena kuti munyamuka 10 koloko m'mawa n'kutera 1 koloko masana. Mlendo amati, "Aa, maola atatu basi!" Ayi ndithu. M'mwambamo mukhala maola pafupifupi 8, kungoti mawotchi a ku New York amatsalira m'mbuyo ndi maola 5. Pobwerera mtunda ndi womwewo, koma ulendo umafupika kufika maola 7, chifukwa kumwamba kuli mphepo yamphamvu, jet stream, yowomba kuchokera kumadzulo kulowera kum'mawa, ndipo imakankha ndege kumsana.

Wa London kupita Johannesburg ndi wina. Makilomita pafupifupi 9,000, maola 11, koma poti mukungotsetsereka kummwera, wotchi imasintha ndi ola limodzi kapena awiri okha, kutengera nyengo. Ndege zambiri zimanyamuka madzulo n'kufika kutacha. Mukaona "+1" pafupi ndi nthawi yotera, ndiye kuti mufika tsiku lotsatira. Muuzeni bwino wodzakuchingamirani, angadzakudikireni tsiku lolakwika.

Koma chimene chinandiliza ine si mawotchi. Ndili mlendo ndinagula matikiti awiri osiyana pofuna kupulumutsa ndalama. Pakati pa ndege ziwirizo panali maola atatu, ine n'kumati ndi ambiri, mwina ndikapezako ndi mpata wogona pang'ono. Ndinatera pa Heathrow, kenako n'kuona kuti ndege yachiwiri ikunyamukira pa Gatwick. Zonse zimalembedwa London! Mzindawu uli ndi mabwalo angapo, kuphatikizapo Stansted ndi Luton, ndipo ali motalikirana. Kuima pamzere woonetsa pasipoti, kudikira chikwama, kenako basi yoyenda kuposa ola limodzi mumsewu wodzaza magalimoto. Ndikufika ku Gatwick anali atasiya kale kulandira katundu. Kampani ya ndegeyo inakana kundithandiza, ndipo sindingaiimbe mlandu, chifukwa tikiti yawo inali payokha.

Ndiye yang'anani zilembo zitatu za bwalo: LHR ndi Heathrow, LGW ndi Gatwick. Ngati ulendo wanu uli wosintha ndege panjira, gulani tikiti imodzi ya ulendo wonse, kuti yoyamba ikachedwa kampani ikuikeni pa ndege ina. Funsaninso ngati dziko limene mukasinthireko ndege likufuna visa ya odutsa, makamaka ngati mutuluke m'bwalo kupita lina.