Funsani Azakhali: Kugwira ntchito yongodzipereka, kodi muli phindu?

Azakhali, ine ndi mnyamata wa zaka 23 ndimakhala kuno ku Ulongwe m'boma la Angónia ku Mozambique, kalasi 12 ndinamaliza zaka zitatu zapitazo koma ntchito zii, makalata ndaponya mpaka kumigodi ya malasha ku Moatize olo mmodzi wondiyankha palibe. Pano a zaumoyo akuti akufuna achinyamata odzipereka oyenda m'makomo kukamba za ukhondo ndi katemera, ine mtima ukufuna ndithu koma mayi akuti ndapenga, munthu wamanja ake kumakagwira yaulele pomwe kachewere kumunda akufuna kukwezera, ndiye malume nawo akuti chimenecho ndi chibalo chomwe chija changovala tisheti. Anzanga akuti lowa basi ntchito imapezekera mkati momo. Zoona ndi ziti azakhali? Komanso ntchito zodziperekazi zilipo zamtundu wanji, kapena ndi za kuchipatala zokhazo?
Mphwanu wosokonezeka, Ulongwe

Mwana wanga, ndiyambe ndi malume akowo chifukwa mawu awo usawataye. Chibalo chinalipo ndipo chinali chowawa, agogo athu ankatengedwa mokakamiza nthawi ya Apwitikizi kukakumba misewu ndi kulima minda ya eni, pa pepala anachithetsa mu 1961 koma mabala ake anatsala m'mabanja mpaka lero, nde mkulu akamva zoti "ntchito yopanda malipiro" khutu lake limamva zimenezo. Kusiyana kwake nkwakuti pachibalo sunkafunsidwa ndipo phindu linkapita kwa wina kutali. Apa wafunsidwa, ukhoza kukana, ndipo wopindula ndi mwana wa mchemwali wako. Ukawafotokozere choncho mwaulemu. Komanso uwafunse kuti maliro akachitika m'mudzi, adzukulu amene amadzuka mbandakucha ndi makasu kukakumba manda amawalipira ndani? Amayi amene amachezera kusiwa, ena kutunga madzi ena kupala nkhuni, amasainira kuti? Dima lija anthu ankalimirana munda ndi thobwa kapena mowa basi? Ife kudzipereka tinabadwa nako, dzina lokha loti voluntariyo ndi tisheti ndi zimene zabwera pambuyo.

Tsono mitundu yake ilipo yambiri kuposa mmene ukuganizira. Za umoyo ndi zimene zimaoneka kwambiri eya. Kuli ma APE, aja amasankhidwa ndi mudzi nkukaphunzitsidwa miyezi ingapo, amayeza malungo, kupereka mankhwala a kutsegula m'mimba ndi chibayo kwa ana kumidzi yotalikirana ndi chipatala, ndondomeko imeneyi inayamba kale mu 1978 ndipo iwowo amalandirako kangachepe pamwezi. Kuli ma akitivista otsata anthu amene asiya kumwa ma ARV kapena mankhwala a TB. Kuli a Cruz Vermelha, bungwe lathu la Mtanda Wofiira lomwe linakhazikitsidwa mu 1981, amenewo amaphunzitsa chithandizo choyamba, ndipo kuli makomiti a m'madera a zangozi zogwa mwadzidzidzi amene amagwira ntchito ndi INGD, bungwe la boma loona za ngozi zoterezi, ochenjeza anthu madzi akamabwera. Ukukumbukira Januwale wa 2022 namondwe Ana atagwetsa mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize, madzi atalowa m'nyumba ku Chingodzi, oyamba kunyamula ana ndi agogo kupita nawo kumtunda anali anthu a pamalo pomwepo, magalimoto a thandizo anafika pambuyo. Kupatula apo kuli komiti ya mjigo, khonsolo ya sukulu, kuphunzitsa akulu kuwerenga, mawayilesi a m'madera amene achinyamata ambiri amaulutsa mawu osalandira kanthu, miphakati ndi magulu a amayi kumipingo oyendera odwala, kuphunzitsa ana mpira, ngakhale kupereka magazi kumene, theka la ola lako mayi wina wobereka nkupulumuka.

Koma pali chimodzi chimene ndimafuna mwana aliyense wa ku Tete adziwe chifukwa chinabadwira kwathu konkuno. Mu 2008 anthu omwa ma ARV a m'midzi yathu, mothandizana ndi a zaumoyo ndi bungwe la madokotala la MSF, anayamba timagulu ta anthu osapitirira 6, aja timati GAAC. Vuto linali mtunda, munthu mwezi ndi mwezi kulipira shapa kapena kupalasa njinga tsiku lonse kukangotenga botolo la mapiritsi, ambiri ankangosiya. Nde anagwirizana kuti mwezi uno apite mmodzi atengere onse, mwezi wamawa wina, choncho aliyense amaonana ndi dokotala kamodzi pa miyezi 6. Ine ndinakhalapo pansi pa mango ndi kagulu kotere madzulo ena, amayi anayi ndi abambo awiri, aliyense wakhuthula mapiritsi ake pachitenje akuwerenga mokweza kuti anzake aone ngati wadumphitsa, mmodzi akulemba pakhadi, kenako akusonkha timakobili ta ulendo kumangira pansonga ya nsalu ya amene akupita mawa lake. Palibe amene ankadzitcha voluntariyo pamenepo. Koma nzeru imeneyo boma linaitenga nkuifalitsa dziko lonse, ndipo anzathu a ku Malawi nawo anaitengera. Ukamafunsa ngati ntchito yosalipidwa ili ndi phindu, ine maso anga amaona chitenje chija.

Za katemera zomwe akukuitanirazo nazonso si zamasewera. Mu February 2022 poliyo anapezeka mwa mwana ku Lilongwe, pofika May anapezeka kwathu ku Changara, ndipo chaka chimenecho ana 8 m'chigawo chathu chino anagwidwa ndi matendawa. Chinatipulumutsa ndi anthu oyenda pansi, khomo ndi khomo, kabokosi kozizira paphewa, madontho awiri m'kamwa mwa mwana, inki pakachala, choko pachitseko, ndipo kutsogolo kwao kunkayenda mnyamata kapena mtsikana wa m'mudzi momwemo amene anthu amamudziwa kuti ndi mwana wa uje, chifukwa mlendo yekha makolo ena ankabisa ana kuchipinda. Mu May 2024 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, analengeza kuti mliri uja watha. Amene anayenda nawo dzuwa lija akaona ana akuthamanga pabwalo amadziwa mumtima kuti mwendo umenewo ali nawo gawo, ndipo chimwemwe chimenecho nchenicheni, sindikukunamiza ayi.

Koma anzakowo akuti ntchito imapezekera mkati, apo pokha ndikuchenjeze. Zimachitika, ena anayamba choncho lero ndi anamwino, ena ali pawayilesi, chifukwa mpata ukatuluka amayamba kukumbukira nkhope imene amaiona tsiku ndi tsiku. Koma si lonjezo, ndipo amene analowa ndi mtima wongodikira ntchito ndawaona akutuluka ndi mkwiyo patatha zaka ziwiri. Chimene udzatenge ndithu ndi luso, kuyankhula pagulu osanjenjemera, kudzaza mafomu, kusunga nthawi, kudziwana ndi amfumu ndi anamwino, ndi Chipwitikizi chako chidzawongoka chifukwa malipoti amalembedwa m'Chipwitikizi pomwe m'makomo ukuyankhula Chichewa. Nde usanavomere funsa poyera, masiku angati pasabata, kwa miyezi ingati, ya thiransipoti ndi chakudya ilipo kapena ayi, pomaliza adzandipatsa setifiketi kapena kalata ya umboni? Kufunsa zimenezi si dyera. Ndipo mayi akowo akunena zoona pa kachewere, ku Angónia munda ndiye bwana wathu, uwauze kuti m'mawa uli nawo kumunda masiku akuti ndi akuti, ndipo usunge mawu ako. Ine ndikuti lowa, kuposa kukhala pamsika kudikira foni yosalira.

Azakhali ndithandizeni maganizo. Ndine mayi wa ana atatu kuno ku Zóbuè, ndakhala akitivista zaka ziwiri kubungwe lina lake, poyamba anati masiku atatu pasabata koma pano ndi Lolemba mpaka Loweruka, subusidiyo yomwe ankatipatsa yatha miyezi isanu osaiona, tikafunsa akuti inu ndi odzipereka musamaike mtima pandalama. Bambo a kunyumba afika potopa akuti ndisankhe, geni yanga ya tomato inagwa chifukwa sindikhala pa benchi. Koma odwala anga ndikawasiya ndani awayendere, ena amandiimbira ngakhale usiku. Ndikumva ngati ndikalakwira Mulungu ndikasiya.
Mayi wotopa, Zóbuè

Amayi, kalata yanu yandikhudza kwambiri ndipo ndiyankhula mosabisa, zimene akukuchitiranizo si chilungamo. Munthu wogwira masiku 6 pasabata, wokhala ndi chiwerengero choti akwanitse ndi lipoti loti apereke, ameneyo akugwira ntchito yeniyeni, ndipo kumuuza kuti asaike mtima pandalama imene anamulonjeza okha ndi kugwiritsa ntchito chifundo chake ngati chingwe chomumangira. Amene amanena mawu amenewo iwo malipiro awo mwezi ukatha amalowa. Mwina nzoona kuti ndalama zochokera kunja zachepa, mabungwe ambiri akulira zimenezo masiku ano, koma ngati zili choncho akuuzeni poyera kuti ndalama kulibe ndipo masiku abwerere pa atatu paja kapena awiri, osati ntchito ikukwera ndalama ikusowa.

Chitani izi. Musapite nokha, sonkhanani ma akitivista nonse, lembani pepala limodzi miyezi imene simunalandire ndi masiku amene munagwirizana poyamba, sainani nonse, kope ina musunge. Pitani nayo kwa woyang'anira wanu mwaulemu, mukapemphe yankho la tsiku lodziwika. Ngati palibe chomveka, mkulu wa chipatala chimene mumaperekako malipoti adziwe, ndi akomiti ya zaumoyo a m'dera lanu adziwenso, chifukwa odwalawo ndi a dera, si a bungwe. Ndipo kuyambira sabata ino inuyo bwererani pamasiku atatu aja, ena atatuwo mukhale pa tomato wanu, Zóbuè ndi pamalire magalimoto sasiya kudutsa, geni ikhoza kudzukanso. Abambo a kunyumba muwauze dongosolo limeneli kuti aone kuti mawu awo mwawamva, chifukwa nawonso sakulakwa kufunsa kuti ana adya chani.

Za kulakwira Mulunguzo chotsani mumtima mayi. Zaka ziwiri mwayenda ndi mapazi anu m'matope, palibe ngongole imene muli nayo. Mukaona kuti nkosatheka ndipo mwaganiza zosiya, chokhacho ndikupemphani nchakuti musazimiririke mwakachetechete, tengani kabuku kanu mukhale pansi ndi namwino kapena mnzanu wotsala, dzina ndi dzina, uyu amakhala kuseri kwa tchalitchi, uyu mwamuna wake sakudziwa musamufikire pagulu, uyu amasiya mankhwala njala ikavuta. Amene angathe alowetseni mu GAAC kuti azigwirana okha. Ndipo agogo amene munazolowerana nawo palibe angakuletseni kuwazonda Lamulungu mukuchokera kutchalitchi, ngati mnansi chabe.

Azakhali, ine ndi mphunzitsi wopuma ntchito kuno ku Furancungo, zaka 67, miyendo inayamba kuvuta sindiyenda mtunda. Chimwalirireni mayi a kunyumba masiku akunditalikira. Kodi munthu ngati ine angadziperekenso pa chani?
Aphunzitsi akale, Macanga

Aphunzitsi, pepani ndi imfa ya mayi. Inu simufunika kuyenda, anthu ndi amene abwere kwa inu. M'midzi yathu muli amayi ndi abambo ambiri amene sukulu inawadutsa nthawi ya nkhondo, ena ubwana wao wonse unathera kumisasa ya othawa ku Dedza ndi ku Ntcheu mpaka mtendere wa 1992, ena anaphunzirako pang'ono Chichewa ndi Chingerezi kumeneko koma atabwerera anapeza mapepala onse ali m'Chipwitikizi. Lero amagulitsa fodya ndi chimanga koma pasikelo sawerenga, uthenga wa M-Pesa ukalowa amapatsa mwana wa eni kuti awawerengere ndalama zao zomwe. Mukaonane ndi a zamaphunziro kuboma kapena mkulu wa sukulu yapafupi za maphunziro a akulu, kaya ayankha msanga kaya achedwa, inu yambani ndi anthu asanu pakhonde panu, Lachiwiri ndi Lachinayi dzuwa likapendeka anthu ataweruka kumunda. Kabolodi kakang'ono, choko ndi mphasa zakwana. Khonsolo ya sukulu nayonso imasowa munthu wodziwa mmene sukulu imayendera, ndipo ana a kalasi 6 amene akuvutika kuwerenga makolo awo adzakuthokozani. Tsiku loyamba musayambe ndi a e i o u ayi, aliyense mumulembere dzina lake papepala ndi zilembo zikuluzikulu apite nalo kunyumba, ndipo amene wayamba kusaina yekha mudzatilembere tidzamve.