Ufulu wa ku Washington sunafike ku Angónia

Ayi achimwene, inu amene mukukonzekera mayeso, zoti America ankateteza ufulu wa anthu onse pamene ankalimbana ndi chikomyunizimu ine sindingazivomereze. Aliyense wodana ndi Soviet Union ankasanduka bwenzi lake, ngakhale akhale wankhanza chotani. Mu 1941 atsogoleri a America ndi Britain, Roosevelt ndi Churchill, anagwirizana mu Atlantic Charter kuti mtundu uliwonse uli ndi ufulu wosankha boma lake, koma mu 1949 Portugal wa wolamulira wankhanza Salazar, yemwe ankagwiritsa makolo athu a ku Mozambique ntchito ya chibalo, analowa nawo mu NATO, mgwirizano wa zankhondo wa America ndi anzake, makamaka chifukwa cha bwalo la ndege zankhondo la Lajes pa zilumba za Portugal za Azores, lomwe America ankaligwiritsa ntchito. Boma la Kennedy linadzudzulapo Portugal ku United Nations mu 1961 pa nkhani ya Angola, koma litaona kuti bwalolo likhoza kuwapulumuka, linayamba kulankhula motsitsa mawu. Nanga mukudabwa chiyani kuti Frelimo, gulu lomwe linkamenyera ufulu wa Mozambique, inakalandira mfuti ku Moscow ndi ku Beijing?

Ine kwathu ndi ku Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo ndinali mnyamata woweta mbuzi pamene nkhondo inafika pamudzi pathu chakumapeto kwa 1986. Amfuti anafika m'mbandakucha, tambala atangolira, ena atavala malaya a usilikali, ena nsanza, ena opanda ndi nsapato zomwe. Anatitulutsa tonse pabwalo, anagumula nkhokwe, ndipo anasankha amuna oti asenze chimangacho. Bambo anga anawasenzetsa thumba lomwe amayi anasoka okha, ndipo atapempha kuti avale kaye nsapato, mnyamata wina wosaposa msinkhu wa mkulu wanga anawamenya ndi chigunda cha mfuti pakamwa. Anachoka akulavula magazi, osatembenuka, ndipo sitinawaonenso. Kenako anayatsa madenga. Tinathawira kudambo, tinabisala m'bango madzi akutifika m'chiuno, ndipo mlongo wanga wakhanda atayamba kulira, amayi anamukanikizira kubere mwamphamvu kwinaku amayi ena akuwanong'oneza kuti akapanda kumukhalitsa chete tifa tonse. Mwanayo anakhala ndi moyo tsiku limenelo, koma anayamba kutsegula m'mimba tili m'njira, ndipo tinamuika m'munda wa munthu wosamudziwa, dzenje lake tikukumba ndi mtengo, tisanafike pamsewu wa Dedza.

Amene ndimamukumbukira ndi mkwiyo woposa si wamfuti uja, koma kapitawo wina wolemba mayina pamalo ogawira chakudya titafika m'Malawi. Munthuyo ankalankhula Chichewa chomwechi, ankapemphera ndithu, koma anauza amayi kuti khadi limalembedwa m'dzina la mwamuna, choncho abwere ndi mwamuna wawo. Amayi anagwada pafumbi kufotokoza, iye akuseka ndi anzake, pamene ufa ndi nandolo za othawa nkhondo zinkapezeka zikugulitsidwa pamsika madzulo ake. Mulungu andikhululukire, koma ameneyo sindinamukhululukire.

Mwina mufunsa kuti America akulowapo bwanji. Renamo, gulu la amfuti lomwe linkamenyana ndi boma la Frelimo, inayambitsidwa ndi akazitape a Rhodesia, ndipo Zimbabwe itapeza ufulu mu 1980 boma la tsankho la South Africa linaitenga n'kumaipatsa zida, ngakhale pambuyo posainirana ndi pulezidenti wa Mozambique, Samora Machel, pangano la Nkomati loleka kuthandiza zigawenga mu 1984. Nthawi yonseyi boma la Reagan, kudzera mwa Chester Crocker, mkulu wake woona za Africa, linkatsata ndondomeko yonyengerera Pretoria, kutanthauza boma la South Africa, m'malo moifinya, poti Pretoria inkadzitcha linga loletsa chikomyunizimu kummwera kwa Africa. Mu 1986, chaka chomwe ife tinkabisala m'bango, Reagan anakana kusainira lamulo loika zilango pa South Africa, mpaka aphungu a dziko lakelo anachita kumupitirira ndi mavoti, ndipo m'chaka chomwecho analandira Jonas Savimbi, mtsogoleri wa zigawenga za Unita ku Angola, ku White House n'kuyamba kutumizira Unita mizinga ya Stinger. A Kamuzu nawonso ankasisitidwa pamsana chifukwa chodana ndi chikomyunizimu, anthu akuwola ku Mikuyu, ndipo maiko opereka thandizo anadzakumbukira za ufulu wachibadwidwe mu 1992, khoma la Berlin litagwa kale ndipo Soviet Union itatha.

Komabe, popeza mwati nkhaniyi mukuikonzekera mayeso, musakalembe kuti boma la America ndilo linkapereka mfuti kwa Renamo, chifukwa sizinali choncho ndipo mudzalephera. Phungu wa ku America, Senator Jesse Helms, ndi anzake anakakamiza kwambiri kuti zitero, koma sanapambane. Reagan yemweyo analandira Samora ku Washington mu 1985, ndipo lipoti la Robert Gersony la 1988, lomwe linati Renamo iyenera kuti inapha anthu wamba pafupifupi 100,000, linalembedwa potumidwa ndi unduna woona za kunja wa America, wolembayo atacheza ndi othawa nkhondo ngati ife. Chimanga chachikasu chomwe chinatipulumutsa pa chilala cha 1992 chambiri chinachokera ku America komweko, ndipo ndinachidya mosanyinyirika. Musaiyeretsenso mbali inayo, chifukwa midzi yokakamiza ya Frelimo ndi kuthamangitsira anthu ku Niassa mu 1983 zinaliza mabanja ambiri, ndipo zida za Moscow sizinkabwera ndi chifundo.

Pezani agogo aliyense wa ku Lizulu kapena ku Nsanje amene anaona anthu pafupifupi miliyoni imodzi akukhamukira m'dziko muno, mukhale naye pansi akufotokozereni. Koma m'chipinda cha mayeso musakakangane ndi wochonga. Mukalembe bwinobwino za Truman Doctrine ya 1947, Marshall Plan, nkhondo ya ku Korea, mizinga ya ku Cuba ya 1962 ndi Vietnam monga mmene anakuphunzitsirani, mutenge satifiketi yanu, ndipo ngati mwayi wa sukulu ku America utapezeka, musaukane chifukwa cha zimene ndalembazi.